Kabokosi Kamene Ba Njovu Anatsegula

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Esnati. Ndakhala pakhonde panu chiyambire m'mawa, cholembera chili m'manja. Ndiyambe ndi zabwino, pakuti munkati mlendo woipa azidikira panja, abwino ayambe alowa.

Tisa, mwana wanu wotsiriza, anabereka mwana wamkazi ku Mpanshya. Kali ndi mphuno yanu ndiponso ukali wanu, kakalira mudzi wonse umadzuka. Chimanga cha kudambo chinachita bwino, cha kumtunda mbozi zinatithandiza kudya. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri.

Tsopano mlendo woipa uja alowe. Amayi, ndalakwira munthu, ndipo ndazidziwa dzana.

Ndi nkhani ya vaneti yanu yakale ija, imene inkanyamula tomato ndi mbatata kupita nazo ku Lusaka. Itapita miyezi isanu tikuikeni m'manda, inayamba kuzima yokha ili pamsewu. Ba Njovu, dalaivala wanu wa zaka khumi ndi zinayi, ankaidikira pang'ono, n'kuilizanso. Tsiku lina inazimira pafupi ndi msika wa Chinyunyu, tomato ali wodzaza kumbuyo, ndipo inakaniratu. Injini inkangozungulira osagwira moto.

Ndinaitana makanika wina wa pamsewu pomwepo. Anasintha mapulagi, anabwereka batire ina, osaphula kanthu. Kenako anagwada kumapazi a mpando wakumanzere, paja munkakhala inu, n'kutulutsa kabokosi kachitsulo kokhala ndi mawaya ambiri. Anati ndiyo kompyuta, ubongo wa motoka. Anandionetsa tizomangira take, tonse tokandikakandika, n'kunena kuti, "Pano padutsa munthu, mayi. Amaba yabwino n'kuikapo yakufa. Funsani woyendetsa."

Ndinatembenukira ba Njovu pamaso pa azimayi onse ogulitsa, n'kuwafunsa ngati anatsegulapo kabokosiko. Anayang'ana pansi. Anati, "Ndinatsegula, mayo, koma..." Sindinawalole kumaliza. Ndinawalanda makiyi. Ndinawatchula dzina loti mbala, munthu wa imvi, amene ankandinyamula kupita nane kusukulu mvula ikagwa. Iwo anangovula kapusi, n'kuyamba ulendo wapansi. Ndipo Lamlungu lake ku Mphakati, gulu lathu la mapemphero la m'mudzi, anthu atandifunsa, ndinabwereza mawu omwewo. Kuyambira pamenepo palibe amene anawapatsanso chiwongolero m'dera muno.

Vaneti tinaikokera kunyumba, inakhala miyezi iwiri pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kumbuyo. Dzana ndi pamene anabwera ba Mulenga, makanika wa ku Chongwe, mlamu wake wa mnzanga wa kukwaya. Ndinawauza kuti asataye nthawi, vuto tikulidziwa, angondipezera kabokosi kena. Anaseka. Anati, "Kompyuta timaizenga mlandu pomaliza, osati poyamba. Zambiri zimatayidwa zili zamoyo."

Ndinaima pambali pawo m'mawa wonse. Anayamba ndi mafyuzi, imodzi imodzi. Anapala waya wokhuthala wolumikiza batire ku thupi la motoka mpaka unawala. Anandiuza kuti ndipotokole kiyi, iwo khutu lili pathanki, kumvetsera ngati pampu ya petulo ikulira. Zii. Anazula waya wa pulagi kuti aone moto. Panalibe. Kenako anandilozera pa dashibodi, kuti pali kanyale ka injini koyenera kuyaka kiyi akangopotokoledwa, ndipo sikankayaka. Anati motoka yakale ngati imeneyi ilibe polumikizira makina a masiku ano, imalankhula ndi kanyale komweko, kakazima ndiye kuti yasowa pakamwa. Anatenga kamita kawo n'kuyeza mawaya a pakabokosi. Magetsi ankafika bwinobwino, koma palibe chimene chinkatuluka.

Mumtima ndinati, si izo, ndinanena ine.

Koma ba Mulenga anapukuta kapepala ka pakabokosi, n'kuwerenga manambala ake, n'kukawayerekeza ndi a pakachitsulo ka pafupi ndi injini. Anabwereza kawiri. Anati, "Mayi, kabokosi aka ndi kake kenikeni ka motoka ino. Kanabwera nayo. Palibe anasinthapo."

Ndinakhala pa tayala lakale limene linali pambali, Amayi.

Ba Mulenga atatsegula kabokosiko, m'kati munali zobiriwira ndi zoyera ngati nkhungu ya pachimanga chonyowa, tinjira ta mkuwa tina titadyeka mpaka kuduka. Ananunkhiza, n'kupala pang'ono ndi chikhadabo. Anati, "Umu munalowa madzi ambiri, ndipo si a mvula, ali ndi mchere. Koma taonani apa. Wina anatsegula, anatsuka ndi kaburashi, anaumitsa. Anachita mwanzeru. Pakanapanda iyeyo motoka ikanafa sabata yomweyo."

Anandifunsa ngati vaneti inamirapo mumtsinje. Ndinali nditakumbuka.

Inu simukudziwa zimenezi, chifukwa munali mutapita. Tsiku lija tinathamanga nanu kuchipatala, munasanza magazi pampando ndi pansi pamapazi anu. Maliro atatha, ndikatsegula chitseko cha vaneti fungo lija linkandilandira. Pa tsiku lachitatu ndinauza ba Njovu kuti andipereke ndi vaneti ku akasupe otentha a ku Chinyunyu, a madzi amchere. Ndinatunga ndekha. Ndowa zingati sindikudziwa. Ndinkakhuthula pampando, pansi, mpaka kunsi kwa dashibodi, nthunzi ili tolotolo, ine ndikulira ngati mwana. Ndikukumbuka ba Njovu akubwera kudzagwira ndowa, ine n'kuwakankha.

Ndine, Amayi. Vaneti yanu ndinaipha ndine, ndi manja angawa.

Sindinadye. Ndinabwereka njinga ya Tisa n'kupalasa mpaka kwa ba Njovu. Ndinawapeza akusosa m'munda wa munthu wina, waganyu, thukuta lili chuchuchu. Aonda, Amayi. Ndinagwada m'fumbi momwemo. Ndinangoti, "Ba Njovu, anali madzi."

Anatsamira khasu. Anati, "Ndikudziwa, mayo. Mawa lake ndinakatsegula, ndinakayanika padzuwa masiku awiri. Ndinkapemphera kuti kapirire."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere, ngakhale pambuyo pake, ngakhale kudzera mwa munthu wina. Yankho lawo ndi limene landisowetsa mtendere. Anati, "Pamsika paja munanditseka pakamwa, ndinapsa mtima, sindikana. Koma ndili m'njira ndinaganiza. Ndikanati chiyani? Kuti mwana amene ankatsuka magazi a amake ndiye waononga motoka ya amake? Munali musanapole. Ndinati dzina langa ndi lolimba, lidikira."

Miyezi iwiri, Amayi! Munthu akutchedwa mbala pamsika, kutchalitchi, ana ake akunyozedwa kusukulu, ali chete chifukwa chondimvera chisoni ine amene ndinamunyoza. Ndinalira mpaka mwini munda anabwera kudzaona ngati kwagwa maliro ena.

Ndinawapempha kuti abwerere. Ba Mulenga akuti kabokosi kena kogwirapo ntchito kangapezeke ku Lusaka, kokhala ndi manambala ofanana, ndipo vaneti idzayendanso. Ndinatulutsa makiyi m'chitenje n'kuwapatsa ndi manja awiri. Sanalandire. Sanakalipe, sananditukwane, anangoti, "Sungani poyamba. Makiyi munandilanda pagulu. Kuno kumunda kulibe anthu."

Ananena zoona. Munkatiuza kuti choipa chonenedwa pabwalo sachipepesera kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkayesa mukunena anthu ena.

Mawa ndi Lamlungu. Ndapempha kale atsogoleri a Mphakati kuti andipatse mpata mapemphero akatha, ndipo Lolemba ndidzaima pamsika, pamalo omwe paja, nthawi imene azimayi onse amakhala atayala tomato wawo. Ndidzanena zonse, za magazi, za ndowa, za masiku awiri padzuwa. Ngati adzalandire makiyi, sindikudziwa. Akakana sindidzawadandaula. Ndikuopa, Amayi, manyazi akundidya ngakhale ndisanaime. Koma ndikukulonjezani kuti sindidzakhala pansi mpaka aliyense amene anamva bodza langa amve kuti ba Njovu sanabe kanthu.

Mundipempherere kuti mawu asandithawe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnati