Datsun ya Avelino

Lolemba, 4 Okutobala 1993

Kutentha. Ntchito palibe, njinga imodzi yokha.

Avelino wabwera m'mawa, mlongo wake wa malemu mkazi wanga Celestina. Sanakhale pansi. Akuti nkhondo yatha, anzawo ambiri kuno ku Namwera abwerera kale ku Mozambique, iyenso akupita ndi amayi ake mvula isanagwe kuti akapeze polima. Kenako, maso ali pa masipanala anga: "Ines tipita naye, alamu. Mwambo mukuudziwa."

Ndikuudziwa. Mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume ake. Ine ndinangokwatira pakhomo pawo. Celestina ali m'manda kuyambira Malichi. Ndatsala ngati mlendo wochedwa kutsanzika.

Ines, mwana wanga, zaka zisanu. Dzino lakutsogolo likugwedera.

Choyendera ndi Datsun ija anathawira nayo kuno mu 86, pikapu ya 74. Chaka chonse ili pansi pa mango, nkhuku zikuikira pampando. Akufuna ndiidzutse. Pa malole otenga anthu obwerera sanalembetse, poti salola malata ndi mbuzi, ndipo apongozi sangakwere ndi miyendo ija. Mvula ikangogwa msewu wa uko sudutsika mpaka Meyi.

Ndati ndiiona.

Lachitatu, 6 Okutobala

Ndatsegula boneti. Mavu, zisa za mbewa. Chitseko chakumanzere chikadali chomangidwa ndi kansalu kobiriwira. Anamanga ndi Celestina, mfundo yake ndikuidziwa. Sindinamasule.

Batire ndabwereka. Kabuleta ndatsuka. Petulo akufika. Moto ndiye wosalongosoka, ukubwera, ukusowa.

Vuto ndi disitibyuta, chitsulo chogawa moto ku mapulagi. Shafiti yake yadyeka, ikugwedera ngati dzino la Ines. Mapoinzi, timilomo tachitsulo todula moto mkati mwake, akatseguka bwino mbali iyi, mbali inayo sakutseguka n'komwe. Avelino wakhala akuwapala ndi fayilo zaka zonsezi mpaka atsala ngati chikhadabo. Yatsopano ya 74 kulibe kulikonse.

Ndikanatha kunena kuti yafa basi. Silikanakhala bodza lenileni. Koma pakamwa panatuluka zina, ndati ndikafufuza ku boma.

Madzulo Ines wandifunsa ngati ku Mozambique kuli mango. Ndati aliko. Sindinafikeko.

Loweruka, 9 Okutobala

Ku Mangochi boma, kwa Che Ibrahimu ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, kuseri kwa msika. Ali ndi Datsun ya 80 imene inagubuduzika pa phiri la Chowe. Kutsogolo kophwanyika, injini yamoyo. Banja limodzi ndi ya Avelino, koma disitibyuta yake ndi ina. Mapoinzi mulibe. M'malo mwake kabokosi kakuda pambali, kukula ngati ka machesi, kali ndi timapazi tiwiri, B ndi C.

Che Ibrahimu anaseka pondiona ndikuitembenuza. "Mtsikana wa 80 kwa nkhalamba ya 74, amakaniki! Ukwati umenewu ulimba?" Kenako anakumbukira kuti mkazi wanga anamwalira. Anayamba kufunafuna chiguduli chimene chinali m'manja mwake momwe.

Ndawasiyira sitata yanga ya Peugeot, iwo andipatsa disitibyuta ndi tsinde lake lokhalira. Ndikunyamuka anandiitana, nandiponyera koyilo, chitsulo chokuza moto wa ku mapulagi, ya galimoto yomweyo. "Ziwirizi sizisiyana, mukudziwa nokha."

Pamlatho amayi ogulitsa usipa. Mmodzi wovala chitenje chonga cha Celestina chija, cha nsomba zachikasu. Ndinadutsa mbali ina.

Lachiwiri, 12 Okutobala

Yalowa. Tsinde lakale silinagwirizane nayo, bowo la bawuti linali kwina, ndaika lija ndinabwera nalo. Chala pabowo la pulagi yoyamba, Avelino akuzungulitsa injini ndi sipanala mpaka mpweya unandikankha. Rota, kamkono kozungulira mkati mwa disitibyuta, kuloza waya woyamba. Kenako 1, 3, 4, 2.

Mawaya ndiye nkhani. Yakale inali ndi waya umodzi. Iyi ili ndi awiri: B kupita ku pulasi ya koyilo, C ku mainasi. Pambali pa injini pali kachoko koyera, rizisita, kamene kamachepetsa mphamvu ya batire isanafike ku koyilo yakale. Kabokosi kakuda sikafuna mphamvu yochepetsedwa, kamafuna yonse. Ndiye rizisita ndailambalala ndi waya watsopano.

Injini inalira poyesa kachiwiri. Utsi, nkhuku kubalalika. Avelino kumenya denga la galimoto, "Alamu! Alamu, ndinu mfiti!" Apongozi nthungululu ali pakhonde. Ines anatseka makutu, akuseka.

Koyilo ili pagalimoto ndi yakale ija. Ya 80 ili m'bokosi langa, pansi pa ziguduli. Palibe amene anaiona.

Lachinayi, 14 Okutobala

Ndinaisiya ikulira kanthawi, ndinagwira koyilo. Yotentha, yosagwirika. Inapangidwa kuti izidya mphamvu yochepetsedwa, tsopano ikudya yonse. Pabwalo pano ilira bwino. Pamsewu ipita ndithu, kenako izima. Ikazizira idzukanso, izimanso, mpaka ipseretu.

Ndikuganiza kuti singafike pa Chiponde, pamalire. Adzabwerera akukankha. Ina kuti aipeze, mvula yagwa. Ines akhala nane mpaka Meyi. Mwina kupitirira, zinthu zimasintha.

Palibe angandinene. Galimoto yakale imazima.

Mitambo kumapiri a kum'mawa, koma yopanda madzi.

Dzino la Ines lachoka akudya chinangwa. Anabwera nalo m'manja, magazi pang'ono pamlomo, osalira. Tinaliponya padenga kuti khwangwala abweretse latsopano. "Ababa, khwangwala akadziwa bwanji kuti ndasamuka?" Ndati akhwangwala amauzana.

Loweruka, 16 Okutobala

Kwabwera bambo wina wa kwawo kwa Avelino, amene anabwerera mu Ogasiti. Wadzagula mchere ndi mbewu. Ndimamuwotcherera foloko ya njinga, iye akulankhula ndi anthu pabenchi, osati ndi ine.

Akuti kupitirira Mandimba, njira ya ku Cuamba, galimoto imayenda m'mapazi a matayala a inzake. Pambali suima. Mabomba okwirira akadali m'udzu, ena m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Mwezi watha lole ina inazima pamtunda. Anthu anatsika kuti akankhe. Mayi wina anapatuka pang'ono ndi mwana wake kuti akataye madzi. "Tinatola nsapato imodzi," anatero. Kenako anafunsa ngati foloko yazizira.

Kwawo kwa Avelino ndi njira yomweyo.

Ine ndimati izima asanafike pa Chiponde. Ndinadziwa bwanji? Koyilo siuza munthu pomwe idzafere. Akanyamuka m'mawa kukuzizira, ikhoza kuwoloka nawo bwinobwino, n'kukawatula uko. Ndipo Ines galimoto ikangoima amatsika. Sakhala pansi mwana uja.

Sindinadye.

Lamulungu, 17 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Ndachotsa koyilo yakale, ndaika ya 80. Mawaya onse ndayambiranso, mfundo iliyonse ndawotcherera ndi mtovu, osati kungopota. Waya wina wowonjezera kuchokera pathupi la disitibyuta kupita ku injini, kuti kabokosi kasasowe nthaka, njira yobwerera moto, pa mabampu. Ndakakutira ndi chidutswa cha chubu kuopa fumbi ndi madzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kabokosiko. Mapoinzi akavuta umapala, umapita. Aka kakafa kafa, fayilo sithandiza. Ndiye rizisita sindinaichotse, ili pamalo pake, waya wakale ndaupinda n'kuumanga pambali. Disitibyuta yakale ndaisulira kabushi ka mkuwa, kugwedera kwachepa, ikhoza kuwafikitsa penapake. Ndaikulunga m'thumba la feteleza pamodzi ndi tsinde lake ndi koyilo yakale. Ndamuonetsa Avelino kabwezeredwe kake, kawiri, mpaka anachita yekha.

Anafunsa: "Koyilo mwasinthiranji? Inkalira bwino." Ndinati inkatentha. "Iyi mwaipeza liti?" Ndinati tsiku lomwe lija. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola chiguduli, napukuta manja amene anali oyera kale.

Tinaiyesa. Kutsika Chowe mpaka pansi, kukweranso, dzuwa lili paliwombo. Sinaphonye. Pamwamba ndinagwira koyilo. Yofunda chabe, ngati mphumi ya mwana wogona.

Lachiwiri, 19 Okutobala

Andisudzula lero. Mwambo unkayenera kudikira chaka, koma iwo akupita. Anthu ochepa, Avelino, akulu awiri a mpingo, apongozi pamphasa atandifulatira monga mwa nthawi zonse. Zaka zonsezi sitinayang'ananepo m'maso.

Anati ndinawasungira bwino mwana wawo, ndinamuika m'manda mwaulemu, tsopano ndine womasuka, ndikafuna kukwatira ndikwatire. Mawu odziwika. Kenako anawonjezera awoawo, mawu atatsika: "Inu mutisungire manda. Ife tikusungirani mwana."

Ndinawomba m'manja. Chinanso n'chiyani.

Malata a nyumba yawo akhomola kale. Dzuwa likulowa m'zipinda. Yanga ya udzu yatsala yokha pabwalo.

Ndamusokera Ines nsapato. Ndamuuza kuti galimoto ikaima asatsike mpaka amalume atanena, ngakhale mkodzo utamugwira, akodzere momwemo, palibe amukalipire. Anaseka. Ndinamugwira mapewa, ndinanenanso. Analeka kuseka. Sindinafune kumuopsa, koma ndinanena kachitatu.

Lachinayi, 21 Okutobala

Apita.

Ndinakwera nawo mpaka pa Chiponde, kumbuyo, pamwamba pa malata, mbuzi ziwiri pamiyendo. Ines kutsogolo pakati pa amalume ake ndi agogo ake. Ankatembenuka kundiyang'ana pagalasi, lilime pabowo la dzino.

Pamalire mzere wa malole ndi njinga. Mapepala. Ine ndinatsegula boneti popanda chifukwa, ndinagwira waya uliwonse. Zonse zili m'malo.

Sanalire. Anandipatsa mango amene anali atauluma kale. Avelino anandigwira dzanja, akuyang'ana kwina. "Zotsala mudzabweretsa, alamu." Ndinangoti eya. Sindinadziwe zotsala zake ziti, pabwalo anasesa zonse mpaka mtondo.

Inalira kamodzi. Ndinaima pachipata mpaka fumbi linatha, kenako ndinamvetsera. Injini imamveka patali m'mawa. Giya yachiwiri, yachitatu. Yosalala. Pa ntchito zonse ndagwira moyo wanga, iyi ndiye ndaikonza bwino kuposa zonse.

Ndabwerera wapansi theka la njira. Mango ndadya.

Lachisanu, 22 Okutobala

Sindinatsegule. Kumanda, kulambula. Udzu wochepa, nthaka youma gwa.

Pansi pa mango pali banga la oyilo ndi mapazi a matayala. Nkhuku ikuzungulira pomwepo, ikufuna poikira.

Loweruka, 23 Okutobala

Ndatsegula shedi kuti nditenge pampu. Pabenchi, kuseri kwa bokosi la masipanala, thumba la feteleza. Lomangidwa ndi kansalu kobiriwira ka pachitseko kaja.

Disitibyuta yakale, tsinde, koyilo. Zonse zilimo.

Ndinaliika ndekha kuseri kwa mpando Lachitatu madzulo. Silinagwe. Thumba siliyenda lokha kukalowa m'shedi, ndipo mfundo iyi ndi ya Avelino, yopingasa, ngati yomangira mbuzi.

Poyamba mkwiyo. Munthu wopusa, kabokosi kakafa ali uko adzatani, ali ndi mwana wanga, pamsewu umene uja? Ndinatukwana mokweza, ndekha. Kenako ndinakhala pansi.

Zotsala mudzabweretsa.

Sakanatha kunena pamaso pa amayi ake, atandisudzula dzana lomweli. Mkamwini womasulidwa satsatira mbumba ya eni. Koma makaniki akhoza kupereka chitsulo chimene chinaiwalika. Palibe mwambo woletsa zimenezo.

Manda ndani aziwalambula? Ndinalonjeza. Ndikapempha amayi a mpingo, mwezi umodzi, iwiri. Celestina andimvetsa, kapena sandimvetsa, sindikudziwa.

Bambo wa njinga uja akuti abwerera Lachiwiri, njira akuidziwa, pomwe popondapo ndi posaponda. Chiphaso cha pamalire ndikafunse Lolemba. Mabingu kum'mawa madzulo ano, koyamba. Nditenge fayilo, mtovu, sipanala 10 ndi 12, mapulagi awiri. Dzino lili padenga, ngati khwangwala sanatenge. Makwerero ali kwa aneba, ndikabwereke.