Filimu ya Magalasi ndi Funso la Mayi Estele

KOMITI YA BUNGWE LA OBWERERA KWAWO, DERA LA FONTE BOA

Tsiku: Loweruka, 13 Setemburo 2025
Malo: M'nyumba ya bungwe yosungiramo kachewere

Opezekapo: Bambo Domingos Tarsisio (wapampando), Mayi Estele Romano, Bambo Cassimiro Leonardo, Mayi Judite Hélio, a Pulofesolo Valter Nércio (mphunzitsi), Dércia Arcanjo (mlembi).
Osapezekapo: Mayi Carla Leonardo, amene anatumiza mawu kuti ali ku matenda ku Tete.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano dzuwa litapendeka. Mayi Judite anapemphera. Zolembedwa za msonkhano wapitawo zinawerengedwa ndipo onse anazivomereza.

2. Filimu ya pa Tsiku la Mtendere

Wapampando anakumbutsa komiti kuti pa 4 Otubulo chaka chilichonse bungwe limasonkhanitsa mabanja amene anathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo nabwerera itatha. Chaka chino a Pulofesolo Valter apempha kuti pambuyo pa chakudya aonetse filimu. Komiti inaionera kale filimuyo Lamulungu lapitali pa kompyuta ya a Pulofesolo, ndipo lero yakumana kuti igamule.

A Pulofesolo anapemphedwa kuti abwereze nkhani yake mwachidule. Anati filimuyo ikunena za dziko la m'tsogolo limene mvula inaleka kugwa. Kampani ina yaikulu inasonkhanitsa anthu m'nyumba zazitali, n'kuwagoneka pa mizere, aliyense atavala magalasi. Munthu akavala magalasiwo amaona mudzi wake wakale uli wobiriwira, abale ake onse ali moyo, mpaka kumva fungo la utsi wa kwawo. Pamene anthuwo ali m'tulo totero, kampani ikutenga minda yawo. Mayi wina wachitsikana anazindikira chinyengocho, alonda anamusaka ponseponse, koma pomaliza anathimitsa makina onse, anthu nadzukira m'fumbi. A Pulofesolo anati aisankha chifukwa achinyamata masiku ano nkhope zawo sizichoka pa lamya, ndipo filimuyo ingawachenjeze.

Bambo Cassimiro anati filimu ndi yabwino, makamaka pothamangitsanapo, koma mtsikanayo analakwa. Anafunsa kuti anamutuma ndani kudzutsa anthu amene sanamudandaulire. Anati iwo atapatsidwa magalasi otero angavale lero lomwe. Akufuna kuonanso Ulongwe ikadali kutchedwa Vila Coutinho, bambo awo atakhala pa khonde la sitolo ndi makina awo osokera, mapini ali kukamwa, iwo akuwapalasira chopondera chifukwa mwendo wa mkuluyo unali utatupa. Anati kuyambira nthawi imeneyo sanamveponso makina olira bwino chotero.

Wapampando anawapempha kuti abwerere pa filimu. Bambo Cassimiro anati akadali pa filimu pomwepo.

Mayi Estele anati akukana kuti filimuyo ionetsedwe. Anati nyumba zazitali zija, anthu atagona mondondozana ngati matumba, azionapo kale ndi maso awo pamene anangofika ku Dedza, ndipo sakuona chifukwa choitanira okalamba kudzadya nyemba n'kuwaonetsanso zimenezo pa khoma. Anapitiriza kunena kuti malemu amuna awo, Bambo Romano, anavala magalasi amenewa popanda kampani. Zaka zonse za ku Malawi ankakwera pa chitunda masana alionse n'kumayang'ana kuno, akuwerenga pakamwa mitengo ya mapichesi imene anaisiya pakhomo. Ana ankawalankhula, iwo osamva. Atabwerera anapeza thengo lokhalokha, ndipo chaka chisanathe anayamba kukhala pa chulu n'kumayang'ana ku Dedza, akutchula anzawo a bawo amene anawasiya kumeneko. Mayi Estele anati munthu amene wakhala ndi mwamuna wotere safunikira filimu kuti imuuze kanthu.

Bambo Cassimiro anati malemuwo anali mnzawo ndipo sanali wodwala mutu. Mayi Estele anati sananene kuti anali wodwala mutu, anena kuti anali kulibe. Wapampando anapempha kuti aliyense azilankhula kudzera kwa iwo.

Mayi Judite anati iwo anabadwira ku msasa wa othawa nkhondo, ndipo anadzaona Mozambiki koyamba ali pamwamba pa lole, atakumbatira nkhuku. Anati poonera filimu ija anadzifunsa kuti magalasiwo angawaonetse mudzi uti, ndipo yankho linawachititsa manyazi. Sangapemphe minda ya makolo, chifukwa sanaidziwe. Angapemphe msasa womwewo: mzere wa pa mjigo m'mawa wa chisanu, mayi awo atawafunditsa nsalu imodzi onse awiri, ndi mayi wina wa m'mudzi wapafupi amene ankawapatsa nzimbe powatcha mwana wa alendo.

Bambo Cassimiro anati munthu sangasowe msasa, chifukwa kumeneko kunali njala ndi nsabwe. Mayi Judite anayankha kuti: “Nsabwe ndikuzikumbukira, bambo. Koma amayi anga anali moyo kumeneko, kuno ayi.”

A Pulofesolo Valter anati sanaganize kuti filimuyo ifika kumene yafikaku. Iwo anabadwa mtendere utabwera, ndipo ankaiona ngati nkhani ya makina basi. Anati ngati ikhumudwitse akuluakulu ali okonzeka kuibweza.

Wapampando anapereka maganizo awo. Anati iwo chimene sanachikonde ndi chakuti filimuyo yathera pamene anthu adzuka. Anati kudzuka m'fumbi akukudziwa, ndipo nkhani yeniyeni imayambira pamenepo: kuzula zitsa, kubwereka khasu, kufunsa anansi kuti malire a munda anali pati. Anati wopanga filimuyo akuoneka kuti sanabwererepo kwawo. Komabe anati kwa zaka zambiri komiti ino yakhala ikukambirana za mbewu ndi feteleza, ndipo sanamvepo Mayi Judite akutchula mayi awo kufikira lero. Ngati filimu yatsegula pakamwa pa anthu asanu ndi mmodzi, mwina ingatsegulenso pa mabanja ena.

Anaponya voti pokweza manja. Ovomera anali Bambo Cassimiro, Mayi Judite, a Pulofesolo ndi mlembi. Mayi Estele anakana. Wapampando sanavote.

Chigamulo: Filimu idzaonetsedwa masana, pambuyo pa chakudya. A Pulofesolo azidzamasulira m'Chinyanja, popeza mawu a Chipwitikizi olembedwa pansi amathamanga. Chitseko chidzakhala chotsegula kuti wofuna kutuluka atuluke. Ikadzatha, akuluakulu adzapatsidwa mpata wolankhula achinyamata asanabalalike.

3. Chakudya cha tsikulo

Mayi Judite anavomera kuyang'anira ophika. Banja lililonse lidzabweretse nyemba kapena kachewere monga mwa nthawi zonse. Bambo Cassimiro anapempha kuti chaka chino mchere ulawidwe ndi anthu awiri. Pempholo linalandiridwa popanda ndemanga.

4. Zina ndi zina

Mayi Estele anapempha kufunsa funso kwa a Pulofesolo. Anafunsa ngati magalasi aja alikodi kapena ndi bodza la m'filimu. A Pulofesolo anati magalasi oonetsa malo ngati kuti munthu ali pomwepo aliko, ndipo ambiri amawagwiritsa ntchito posewera. Mayi Estele anafunsanso ngati angathe kuonetsa nkhope ya munthu amene sanajambulidwepo chithunzi. A Pulofesolo anati ayi, makinawo amaonetsa zokhazo zimene munthu waikamo.

Kenaka Mayi Estele anauza komiti kuti pothawa mu 1986 anali ndi mwana wamkazi woyamwa, dzina lake Elisa. Mwanayo anamwalira panjira asanafike ku Kalomwe, pa malire a Malawi, ndipo anamuika m'mbali mwa njira, pansi pa mtengo wa msuku, pafupi ndi mwala wong'ambika pakati. Amuna awo anakumba ndi chikwanje. Sanabwerereko, chifukwa pobwera anadzera msewu waukulu pa lole, ndipo malemuwo sankafuna kuti nkhaniyi itchulidwe. Mayi Estele anati: “Kulemera kwake kumsana ndimakumva mpaka lero. Koma nkhope yake inandithawa. Ndimati mwina magalasi anuwo angandibwezere.”

Mamembala onse, kuphatikizapo wapampando amene wakhala moyandikana ndi Mayi Estele chibwerere, anati sankadziwa za mwanayu.

Bambo Cassimiro anapempha kulankhula. Anati iwo anagwirapo ntchito yonyamula katundu pa njinga kudutsa malire, ndipo njira zam'tchire zopita ku Kalomwe anaziyenda zonse. Anati miyala yong'ambika pakati akuidziwa iwiri, umodzi uli pamwamba pa kamtsinje. Mayi Estele anati pamalopo madzi ankamveka. Bambo Cassimiro anati sangalonjeze kuti msukuwo ukadalipo, popeza owotcha makala anadutsamo, koma mwala palibe amene angausunthe. Anati: “Alamu, nkhope sindingakupezereni. Koma pamene anagona ndikufikitsani.”

Mayi Estele anavomera. Mayi Judite anati nawonso apita, ndipo atenga khasu lolambulira. Anagwirizana kuti adzanyamuka Lachitatu m'mawa, mvula isanayambe kutseka njira. Mayi Estele anapempha kuti dzina la mwanayo lilembedwe m'zolembedwa zino monga anabatizidwira: Elisa Romano. Wapampando analamula kuti lilembedwe, ndiponso kuti lidzawerengedwe pa 4 Otubulo pamodzi ndi maina a ena onse amene sanabwerere.

5. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 27 Setemburo 2025, pamalo omwewa.

6. Kutseka

Inali nthawi ya Mayi Estele yopereka pemphero lotsekera. Anayamba, koma sanathe kupitirira mawu oyamba. Bambo Cassimiro anavula chipewa n'kulimaliza. Msonkhano unatha cha m'ma 5 koloko madzulo.

Domingos Tarsisio
Wapampando

Dércia Arcanjo
Mlembi