Alamu Anu Asiya Nsima

Tengani, Nsanje

Okondedwa achimwene Paulo,

Muli bwanji ku Lilongweko, inu ndi alamu a Loyce ndi ana? Kuno tili bwino, kungoti dzuwa likutiwamba ngati nsomba. Mapira takolola, mbuzi nazo zikuswana.

Nkhani ndi ya alamu anu, a Geresomo. Mutabwera pa Khirisimasi munawauza kuti munasiya nsima, mpunga ndi mbatata, mukungodya nyama, mazira ndi masamba, ndipo shuga wanu anatsika. Amuna angawa, poti nawonso ali ndi matenda a shuga, anazitenga ngati mawu a wansembe. Tsiku limene munakwera basi, iwo anakankhira mbale ya nsima kwa ine.

Zabwino zake sindibisa. Mimba ija inaphwa, buluku akuchita kumanga ndi chingwe. Mawondo anasiya kuwawa, njinga akupalasa mpaka ku Bangula osatsika. Amayi a kwaya akundifunsa ngati ndakwatiwa ndi mwamuna wina.

Koma nkhuku zanga zinatha, achimwene. Watsala tambala yekha, naye akawaona amathawira kunsi kwa nkhokwe. M'mimba munawauma, kuchimbudzi ankakhalitsa ngati ali pamsonkhano.

Sabata yatha ndiye tinaopa. Ali kumsika wa ng'ombe anayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, kuyankhula zosamveka, mpaka anakhala pansi. Mwamwayi a Immaculate, ogulitsa tiyi aja, amadziwa za matenda awo. Anawamwetsa tiyi wothira shuga wambiri, n'kuwakweza kabaza wa kuchipatala. Ine nditamva ndinathamangira kumeneko.

Adokotala anati mapilitsi a shuga aja anawapatsa ali munthu wodya nsima. Tsono munthu akasiya zakudyazo n'kumamwabe mapilitsi chimodzimodzi, shuga amatsika mopyola, akhoza kufa nazo. Anawayeza n'kuwachepetsera mankhwala. Anati kuchepa thupiku kwawathandiza, koma azidya kansima ka mapira kofanana ndi chibakera chawo, nyemba, masamba ambiri, azimwa madzi, ndipo nyama yonona achepetse.

Panjira anavomera zonse. Titafika pakhomo anatembenuka, ati alamu awo a Paulo sadya zimenezo, iwo sangagonje poyamba.

Ndiye dzulo masana ndinaona utsi kudimba kwathu. Ndinapita mwachangu poganiza kuti wina watentha udzu. Ndinawapeza atanjuta, akufukula mbatata paphulusa, milomo ili bii. Atandiona anati akuotchera galu. Galuyo anali atagona kunyumba. Sindinaseke, ngakhale nthiti zinkandiwawa. Ndinangokhala pambali pawo, iwo ananyema mbatatayo n'kundipatsa mbali yaikulu.

Pempho langa ndi ili. Muwaimbire foni, chifukwa amamvera inu kuposa ine ndi adokotala. Muwauze kuti matupi amasiyana, ndipo wa mankhwala asasinthe kadyedwe asanafunse kuchipatala. Muwauzenso zimene alamu a Loyce anandinong'oneza, zoti Lamulungu lililonse inu mumadya mpunga wa ku Karonga n'kupempha wina. Bambo wamkulu asamadye mbatata yolima yekha mobisala ngati wakuba.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Thandizo ndi Favour, ndi kwa azakhali ku Kawale. Foniyo muimbe masana, nthawi ya chakudya, mbale ili patsogolo pawo.

Ndine mlongo wanu,
Otilia