Amayi Adye

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Mwendo wanu uja unasiya kutupa? Ine kuno ndilipo. Ndimadya, ndimagona, ndimapita kuntchito.

Kalata yanu ndinailandira Lachitatu, ndipo ndinaiwerenga kawiri nditaimirira. Mwanena kuti amayi anagwa pakhomo la bafa ali pa tsiku lachitatu losala kudya, ndipo adokotala anawakalipira kuti mankhwala a shuga sayenda m'mimba mopanda kanthu. Mwanenanso zimene anayankha, kuti analonjeza Mulungu kusala masiku atatu sabata iliyonse mpaka ine ndidzaime kutsogolo kwa mpingo wathu ndi kunena ndi pakamwa panga kuti ndamasulidwa. Ine ndinkayesa kuti lonjezolo linatha tsiku limene ndinatuluka m'ndende. Kani lili ndi mchira.

Nkhani za kuno n'zochepa. Ndikadali pantchito yochapa ija. Timachapa nsalu za pabedi ndi matawulo a m'mahotela. Ine ndimatulutsa nsalu m'makina, n'kuzikankha pa kangolo kupita nazo kuchipinda choumitsira. Manja anasuwa ndi sopo koma azolowera. Kumene ndimagona kuli bedi, mpando umodzi ndi zenera loyang'ana khoma la eni ake. Kiyi ndimasunga ndekha.

Anzanga anandipatsa dzina lakuti Ndilowe. Chifukwa chake n'chakuti ndikafika pa chitseko chotseka ndimaima, kudikira kuti wina atsegule. Zaka zisanu ndi chimodzi zija sindinatsegulepo chitseko ndi dzanja langa, ndipo miyezi isanu ya kunja kuno sinakwane kuliphunzitsa. Tsiku lina ndinaima ndi kangolo kodzaza nsalu zonyowa mpaka madzi anachita chithaphwi pansi. Pali mayi wina wosita, wa msinkhu wa azakhali, amene pakamwa pawo sipapuma. Anandifunsa ngati ndikudikira kuti chitsekocho chiyambe ndicho kundipatsa moni. Onse anaseka. Inenso ndinaonetsa mano.

Bwana wathu ndi mkulu wa mpingo. Ndi munthu wabwino, ndipo amakonda kuti ubwinowo uzioneka. Kukabwera alendo amandiitana, amandigwira paphewa, n'kuwauza kumene ananditola. Mwezi watha anakonza zoti ndikapereke umboni kutchalitchi kwawo, mpaka anandibwereka jekete. Mlaliki anayamba wafotokoza kuti Khristu anadula maunyolo, kuti munthu wake salinso kapolo wa tchimo kapena wa mantha. Atatero anandiitana kuti anthu aone chitsanzo.

Ndinaima pamenepo, achemwali, anthu ali tcheru, amayi ena atatulutsiratu mipango yopukutira misozi. Mawu a umboni ndimawadziwa. M'ndende ndinali wotsogolera nyimbo, ndipo ndikamaimba ndinkamva ndithu kuti Mulungu ali pafupi, pakati pa fungo ndi nsabwe zomwezo. Ngakhale nkhope ya munthu uja ndinamuvulaza n'kumangidwa ndinkatha kuiyang'ana m'pemphero. Koma tsiku limenelo ndinafufuza m'kati mwanga ndipo munali zii, ngati dzanja limene waligonera. Ndinatchula dzina langa, ndinathokoza chifukwa cha ntchito, ndinakhala pansi. Jekete ndinabweza Lolemba. Chiyambire pamenepo alendo amabwera ndi kupita osandiona.

Lamlungu lotsatira sindinapite kutchalitchi. Ndinavala, ndinakhala pampando, manja pamaondo, kudikira. Sindikudziwa kuti ndinkadikira ndani. Mwina belu, mwina munthu wobwera ndi buku kudzaona amene wasowa pamzere. Dzuwa linafika pakati, linapendeka, palibe anagogoda.

Mawa lake ndinauza mayi wosita uja, poti amapemphera komweko. Sanasiye kusita. Anati:

"Iwe Ndilowe, Mulungu ukumuyesa msilikali wa kundende, wowerenga mitu m'mawa ndi madzulo? Anakutsegulira usanaphunzire n'komwe kunena zikomo. Uimbe, usaimbe, ndiwe mwana wake basi."

Anandiuza kuti amuna awo atamwalira anakhala zaka ziwiri osapemphera. Ankangopita kukakhala pabenchi la kumbuyo, kuwerenga zigamba za pa malaya a anthu. Palibe mphezi inawagwera. Anati kwa iwo ufulu wa mkhristu ndi womwewo, kuti malo ako m'nyumba ya Atate sulimira, ndipo suchotsedwamo chifukwa lero wauma pakamwa. Ndinawafunsa ngati pemphero linabwerera. Anati theka, ndipo theka lomwelo likuwakwana. Kenako anandiuza kuti ndichotse kangolo panjira.

Sindinganame kuti mawuwo ananditenthetsa mtima. Ndinawamva monga mmene munthu amamvera wailesi ya m'nyumba ya anzake. Koma anandionetsa chinthu chimodzi. Ine ndi amayi tikugwira ukaidi umene palibe woweruza anatipatsa. Wanga ndiutha pang'onopang'ono, sukupha. Wa amayi ukupha.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Sankhani tsiku limene akusala, muphike chimene amachikonda, mukhale nawo pansi, muwawerengere kalata ino yonse osadumpha za jekete. Muwauze kuti ndili kunja, sindikumwa, sindikumenyana ndi munthu. Muwauze kuti chimene akudikiracho sichifulumira ndi njala, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati Mulungu anandimasula, anandimasula popanda kufunsa mimba yawo, ndipo sakusunga mwana wawo ngati chikole. Akafuna kumva zimenezi kwa munthu wa kolala, muitane abusa. Muwauziretu abusawo za shuga, asadzabwere kudzawayamikira chifukwa cha chikhulupiriro.

Amayi ndimawadziwa, mwina akana. Akakana musalimbane nawo, mungondilembera. Ndidzapempha masiku awiri kwa bwana, ndidzabwera, ndidzaima kutsogolo kuja ndi kunena zonse bwinobwino, ndi mawu okweza pamene pafunika kukweza. Anthu adzalira, amayi adzadya. Amene mudzadziwe kuti m'kati munalibe kanthu ndinu nokha. Sindikufuna kutero pamaso pa Mulungu. Koma bodza ndingathe kulisenza, maliro a amayi sindingawasenze.

Mundiyankhe sabata ino isanathe, masiku awo atatu asanayambenso.

Mupereke moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa chonyamula amayi kupita nawo kuchipatala. Moni kwa ana onse, kwa azakhali, ndi kwa amalume ngati ayamba kulola kuti dzina langa litchulidwe pakhomo pawo. Amayi musawapatse moni wanga chakudya chisanafike patsogolo pawo.

Tsalani bwino.

Ine mlongo wanu,
mzime wa amayi