Ine Ndinakwatira

Baidoa,
9 Malichi 2023

Okondedwa achemwali anga a Bishaaro,

Mtendere ukhale nanu pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Nairobi. Mwakhala mukuimba foni ine osayankha, ndikhululukireni. Zimene ndili nazo sizikutheka pakamwa, n'chifukwa chake ndalemba papepala. A Faduma, achemwali a alamuwo, akupatsani akamabwerera.

Mukudziwa mmene amuna anga a Liibaan analili chitikwatirane. Mayi awo atamwalira chaka cha njala chija, ang'ono awo anayi anawalera ndi iwo, motero moto sauopa. Ine ndikamakonzeka kupita kukaphunzitsa, iwo amakhala atachokera kumzikiti, anjero, zitumbuwa zathu zija, ali kale pachiwaya. Mwana wathu Hodan ankamusambitsa ndi iwo. Mpopi wathu utauma, ankanyamula zigubu ziwiri kukatunga kumapeto kwa msewu asanapite kokasoka kumsika. Ndikati, "Bambo a Hodan, anthu akuonani," ankangoti, "Andione. Kodi iwowo sadya?"

Mu Disembala kunali ukwati wa mwana wa a Dahabo, oyandikana nafe aja. Tsiku lopaka hina, utoto wokongoletsa manja uja, tinadzaza pabwalo azimayi okhaokha. Ndiye a Dahabo anayamba, mawu awo aja omveka mpaka kumsika.

"Iwe Idil, dzana ndaona amuna ako akuyanika madiresi ako pachingwe, atalumira zopanira kukamwa. Tatiuza, ngamila za malowolo anapereka ndani, iwo kapena iwe?"

Anthu anaseka mpaka wopaka hina analakwitsa duwa. Wina anati, "Tibwerekeko Lachisanu, kwathu zochapa zachuluka." Achemwali, ndikanatha kungokhala chete. Koma ndinafuna kuti aziseka nane, asamaseke ine, ndipo ndinati, "Inu munakwatiwa, ine ndinakwatira. Ndinapeza mkazi wandevu, anjero wake palibe pano angamufike."

Anagwa nako kuseka, ena mpaka misozi. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndapambana.

Sabata isanathe mawuwo anali atafika komwera tiyi kwa azibambo. Mukudziwa kwathu kuno, dzina lonyoza likakumata silichoka. A Liibaan akamadutsa ndi zigubu, anthu ankati, "Mkazi Wandevu, madzi ali bwanji lero?" Wina anabweretsa buluku kuti amusokere, n'kufunsa ngati telala ali pa tchuthi cha uchembere. Amalume awo anachita kubwera kuchokera kumudzi kudzawauza kuti akuchititsa manyazi mtundu wonse.

A Liibaan sanandikalipire, chifukwa sankadziwa kuti mawuwo anachokera kwa ine. Tsiku lina anangofika n'kukhala pamkeka osavula nsapato. Anati, "Mayi a Hodan, zam'nyumba ndizichitabe chitseko chili chotseka. Koma zakunja, madzi ndi zochapa, ndipumuleko kaye mpaka pakamwa pa a Dahabo pazizire."

Ndinati palibe vuto. Ndikanati chiyani? Nthawi imeneyo n'kuti pathupi panga pali pa miyezi inayi. Sindinakuuzeni, ndinkafuna mudzamve zinthu zitakhazikika.

Ndinatunga madziwo milungu isanu. Kangapo konse a Liibaan ankati tilembe wangolo ya bulu azitibweretsera, ine n'kumakana, ndati ndili ndi mphamvu. Zoona zake n'zakuti ndinkaona ngati chigubu chilichonse chikuchotsako pang'ono mlandu wanga. Lachiwiri lina masana, nditangotula chigubu pakhomo, msana unandigwira, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona magazi. Amene anandithamangitsira kuchipatala ndi a Dahabo omwewo, atandigoneka pamiyendo pawo m'kagalimoto ka matayala atatu, akulira kuposa ine.

Ndinapita padera, achemwali. Anali mwamuna. A Liibaan anamutcha Samatar, n'kukamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Adokotala anati zoterezi zimachitika ngakhale kwa mayi amene sananyamulepo kanthu, ndiye tisaloze chala pamadzi. Ndinamva, koma mtima sunamve.

Nditatuluka m'chipatala ndinapeza a Liibaan atatulutsa beseni panja, pamsewu penipeni, akuchapa nsalu zanga zija zamagazi dzuwa lili pamutu. Azibambo ankadutsa akuchokera kumzikiti, palibe anatsegula pakamwa. Kuyambira tsikulo ntchito zonse akugwira ndi iwo, ine sandilola ngakhale kusesa. Koma kale ankaimba akamaphika, pano saimbanso. Ngakhale moni kwa a Dahabo sapereka. Mayi uja amabwera ndi msuzi wa mbuzi, iwo n'kutulukira khomo lakuseri. Ndipo a Dahabo, amene akudziwa bwino lomwe mwini mawu aja, sananene kanthu kwa wina aliyense. Amangondisisita dzanja n'kumapita.

Dzulo a Liibaan anandibweretsera tiyi, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anati, "Ndinaopa kusekedwa ndi anthu osandidyetsa, ndataya mwana wanga. Iwe sunandichititsepo manyazi ngakhale tsiku limodzi, koma ine ndinakusiya ndi zigubu. Undikhululukire, Idil."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Mulungu ndi mboni, ndinatsegula. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Tiyiyu wachuluka shuga."

Ndiuzeni chochita, inu ndinu amene munandilera. Ndikawauza, mwina katundu amene asenzayu apepuka, koma sindikudziwa ngati adzandiyang'anenso mmene amandiyang'anira panomu. Ndikapanda kuwauza, tsiku lina adzamva kwa mkazi wa munthu wina, pakuti pabwalo paja tinalipo oposa makumi atatu. Musandiyankhe pafoni, amakhala ali pafupi. Lembani, mupatsire aliyense wobwera kuno.

Mayi musawauze zonsezi, mungoti Mulungu anapatsa ndipo watenga. Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana onse mmodzimmodzi. Hodan ali bwino, kungoti amafunsabe kuti mwana ali m'mimba uja abwera liti. Mukamapemphera muzimutchula Samatar ndi dzina lake, chifukwa kuno tonse awiri tikulephera kulitchula.

Ndilekere pomwepa. A Liibaan akundiitana kuti mpunga wapsa, ndipo ndikachedwa abwera nayo mbale kuno.

Ndine mng'ono wanu,
Idil