Zitsulo za alamu anga zinandikanikitsa kutola chipeso

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, ntchito yanga ndi yometa tsitsi. Kuthamanga mitunda italiitali ndinayamba ndili mnyamata, ndipo mpaka lero m'mawa uliwonse ndimayamba ndaponda msewu ndisanatsekule shopu. Masiku ano ndimathamanga ndi mwana wanga wamkazi wachisamba, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha ali kamtsikana ka mamina m'mphuno.

Koma zinthu zatembenuka. Pamalo athyathyathya timayendera limodzi bwinobwino, koma tikangofika pa chitunda cha kuseri kwa chipatala, ntchafu zanga zimalefuka, mawondo nkuyamba kudandaula. Iye amakandidikira pamwamba atagwira m'chiuno, nkumati, "Ababa, mufika nokha kapena ndikuitanireni anamwino? Ali pompano."

Mwanayu akukwatiwa ndipo asamukira kutali. Tinapangana kuti asanapite tithamange mpikisano wa mtunda wautali womwe ukubwera miyezi inayi kutsogoloku, tikamalize limodzi. Sindikufuna kuti akachite kundikoka pamaso pa anthu.

Iye akuti mpweya ndili nawo, chomwe chikusowa ndi mphamvu m'minofu. Ndiye ndinapita kwa alamu anga owotcherera zitsulo, omwe anadzipangira okha zitsulo zonyamula polimbitsa thupi kuseri kwa nyumba yawo. Atandiyang'ana anati, "Alamu, miyendo iyi ndi ya dokowe, koma tiikonza lero lomwe." Panali anyamata a zifuwa zotambalala akundiyang'ana, ndiye sindinafune kuchita manyazi. Chilichonse chomwe anandipatsa ndinanyamula.

M'mawa mwake, Aphungu, chipeso chitagwa pansi ndinalephera kuwerama, mpaka kasitomala anachita kunditolera nditamumeta mbali imodzi. Nsapato anandiveka ndi mayi akunyumba, uku akuseka mpaka misozi. Sabata yonse sindinathamange.

Mnzanga wothamanga naye, yemwe timamutcha Injini, akuti, "Zitsulo ndi za alonda a pageti. Wothamanga akazigwira amalemera ngati thumba la simenti." Tsono ndimvere ndani? Nthawi ikutha.

B.K., wometa tsitsi wa pafupi ndi depoti

Bambo B.K.,

Mverani mwana wanu. Ndi yekhayo amene walankhula zanzeru pa anthu onsewa, kuphatikizapo inuyo tsiku lomwe munapita kwa alamu anu. Simunapite kukalimbitsa thupi, munapita kukapikisana ndi anyamata oti mukanawabereka.

A Injini asakuopsezeni. Kuti munthu atupe minofu mpaka kulemera pamafunika kunyamula kwambiri, kudya kwambiri, kwa nthawi yaitali. Inu amene mumathera mphamvu pamsewu simungafike pamenepo. Mudzangoona kuti ntchafu, matako ndi msana zikukunyamulani pachitunda, ndipo mawondo apepukidwa ntchito.

Yambani opanda chitsulo chilichonse. Benchi ya makasitomala ija ndi yokwanira: khalani pang'onopang'ono, matako akangoigunda dzukani osagwira paliponse. Pa sitepe ya pakhomo kwerani ndi mwendo umodzi, tsikani mosathamanga, kenako sinthani. Gonani chagada, pindani mawondo, kwezani chiuno m'mwamba. Mukatero gonani chafufumimba, mudzikweze pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili nji ngati thabwa. Kunyang'ama pa zala za kumapazi kumalimbitsa akatumba, ndipo mungachite muli mushopu momwemo, bola lumo lisakhale pakhosi pa munthu.

Chitani zimenezi kawiri pa sabata, basi. Muzisiya mukadali ndi kamphamvu kotsala, osati mpaka maso achite mdima. Musazichite tsiku loti mawa lake muthamanga mtunda wautali, ndipo masabata oyambirira chepetsaniko kuthamangako kuti thupi lizolowere. Wometa amaima tsiku lonse, choncho kugona mokwanira ndi kudya bwino muziwerengere ngati mbali ya masewerawo.

Pakatha mwezi, zikayamba kupepuka, bwererani kwa alamu anu. Munthu wodziwa kuwotcherera sangalephere kukupangirani tizitsulo ting'onoting'ono. Pitani nthawi yomwe anyamata aja kulibe, ndipo mukawauze kuti mukufuna miyendo yokwera chitunda, osati chifuwa chong'amba malaya. Kuwonjezera kulemera kuzikhala pang'onopang'ono. Mpikisano ukayandikira, masabata awiri omaliza, zitsulo zipume.

Mwana wanuyo mutengeni muzichitira limodzi. Nayenso zimuthandiza, komanso kukusekani ali pafupi nkwabwino kusiyana ndi kukusekani ali pamwamba pa phiri.

Chenjezo langa ndi ili. Pa msinkhu wanu, kayezetseni kuthamanga kwa magazi musanayambe kunyamula zolemera, ndipo ponyamula musamagwire mpweya. Kuwawa kwa minofu komwe kumatha pakapita masiku ochepa si koopsa. Koma bondo likatupa, likamabaya mkati, kapena mukamva kuthina pachifuwa ndi chizungulire, siyani pomwepo mukaonane ndi adokotala. Osalimba mtima chifukwa cha pangano. Mpikisano ndi wa tsiku limodzi, koma mawondo omwewo mudzawafuna pothamangitsa adzukulu akadzakuberani lumo.

Aphungu