Woperekeza wa ku France

South Bend, Indiana
9 Seputembala 2023

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Balaka pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, ntchito kuchipatala ndikugwirabe, koma mtima ndiwo wavulala. Mwakhala mukufunsa za ulendo wa ku France, makamaka ngati Hamilton analankhula mawu aukwati amene Amayi akhala akuwadikira. Khalani pansi kaye.

Mudzi umene tinapitako uli pamwamba pa phiri, nyumba zake zamiyala zothithikana, tinjira tokwera tokhatokha. Ukaima patchalitchi, kumunsi konse ndi minda ya mphesa ndi maluwa onunkhira ngati sopo. Ndinati m'mtima, mwamuna akakubweretsa kotere ndiye kuti nkhani yapsa.

Hamilton anatenganso msuweni wake Belinda, mwana wa amalume ake, amene nayenso amakhala ku Indianapolis ngati Hamilton. Chisuweni mukuchidziwa: kulandana zipewa, kudyetsana buledi, kukokana malaya pamsewu. Ine ndinkaseka nawo. Munthu ungachitire nsanje msuweni? Ndinkawajambula ndi manja angawa, ndikumati, "Yandikiranani!"

Nsapato zatsopano zimene ndinavala poyembekeza kugwadiridwa zinandidya mapazi. Tsiku lina ndinatsala pakasupe wapakati pa mudzi, iwo n'kutsikira kuminda awiriwiri. Pobwera, Belinda maso anali ofiira. Anati ndi mungu wa maluwa, ine n'kumupatsa mankhwala anga.

Loweruka lapitali ndinapita ku Lafayette Road, ku Indianapolis, kukagula ufa. M'sitolo ndinakumana ndi Mayi Pamela, akuluakulu a kumpingo kwa Hamilton. Anandikumbatira.

"Akuzike mwanawe, Mulungu akudalitse powaperekeza ana aja! Amalume ake a Hamilton anakanitsitsa, amati awiriwo satravula okha chinkhoswe chisanachitike. Titamva kuti ukupita nawo, tonse tinarilaksa. Mphete waiona?"

Ndinafunsa kuti nkhaniyi inayamba liti. Anati akumudzi anagwirizana chaka chatha, ndipo Hamilton anawauza kuti ine ndine mlongo wake wa mwa Ambuye.

Ndinamuimbira Hamilton ndili m'galimoto. Sanakane. Anangoti, "Aku, ndimafuna ndikuuze bwinobwino, koma unkaoneka wosangalala kwambiri."

Andipusitsa, ndipo zikundiwawa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda msewu wa ku Indianapolis, mvula kaya chisanu, mapoto a ndiwo ali kumpando wakumbuyo. Tchuthi chimene ndinasungira kudzakuonani ndachithera kulondera chibwenzi cha eni.

Alamu ndi ana muwapatse moni. Amalume athu muwauze mwakachetechete kuti asadikirenso alendo odzafunsira. Amayi okha musawauze kaye, BP yawo mukuidziwa. Ndidzawauza ndekha ndikadzatha kulankhula osalira. Akafunsa za ku France, muwauze kuti n'kokongola. Pamenepo simunama.

Ine mng'ono wanu,
Akuzike